Mayi Hilda Chimango, Amene Anakana Kutchula Dzina

Mayi Hilda Chimango anabadwira ku Mtakataka m'banja la alimi, ndipo anabatizidwa ali wakhanda. Pautsikana wawo sankajomba kwaya, ngakhale mawu awo, kunena zoona, sanali okoma kwenikweni. Atakwatiwa ndi bambo Samson anatengedwa chitengwa kupita ku Golomoti, kutali ndi abale awo.

Mayesero anawapeza pa mimba yoyamba. Matenda anayamba m'mawa a Samson ali kumunda wa mpunga, koma mwana anachedwa kubadwa. Ngolo itafika kuti iwatengere kuchipatala ku Mua, alamu awo a Kettie, mlongo wa a Samson, anaima pakhomo.

"Mwana sachedwa popanda chifukwa," anatero a Kettie. "Tchulani amuna amene munayenda nawo, njira itseguka."

"Ndilibe woti ndimutchule," anayankha a Hilda. "Sindinganame kuti ndikwere ngolo."

Anawalola kunyamuka dzuwa litapendeka. Anachirira panjira, ndipo mwanayo sanalire. A Kettie anafalitsa mudzi wonse kuti a Hilda apha mwana ndi chigololo chobisa. A Samson anamvera mlongo wawo, banja linathera pomwepo.

A Hilda sanabwerere kwawo. Anamanga kanyumba pafupi ndi tchalitchi n'kuyamba ntchito imene sanawatume munthu. Akaona mayi wapakati wotopa akuweramabe m'matope a mpunga, ankamutulutsa ndi dzanja. Wobisa mwezi wake poopa afiti ankamuwerengera okha miyeziyo. Wodzitama kuti wabereka kambiri, nthawi amaidziwa, ankamuuza kuti, "Mtsinje ukadzaza, uwoloka ndi kudziwa kwakoko?" Onsewa ankawaperekeza kunyumba yodikirira kuchipatala, nkhuni pamutu, korona m'manja. Inenso anandikoka chomwecho, ndikunyinyirika njira yonse. Amuna ankawatukwana kuti akuwalanda antchito nthawi yokolola. A Kettie ankangoseka n'kumati, "Asiyeni, akulipira machimo awo."

Mwezi watha, a Hilda atalandira sakramenti la odwala, ndinawafunsa za alamu awo aja.

"Ndinawakhululukira kalekale, mwanawe," anatero. "Kungoti ndikanakonda akananena pagulu kuti sindinachimwe."

Tinatumiza uthenga. A Kettie anayankha kuti miyendo ikuwawa. A Hilda anatisiya mwakachetechete m'mawa mwake, amayi a mphakati akuimba. A Kettie anafika kumaliroko ndi miyendo yomweyo, anadya, anakhuta.

Bambo mfumu anandipempha kuti ndilembe za kufatsa kwa malemuwa kuti tonse titengerepo chitsanzo, ndipo ndalemba. Koma ine si Hilda, mtima ukundiwawabe. A Kettie, mumakhala benchi yakutsogolo Lamulungu lililonse, ndipo ndikudziwa kuti maso anu anafooka. Mdzukulu wanu akuwerengereni mokweza, oyandikana nanu amve: Hilda Chimango sanayendepo ndi mwamuna wina aliyense. Amene anachedwetsa ngolo tsiku lija ndinu.