Batire Lonunkha Matemba

Njinga yamagetsi ija anandibweretsera ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, amene amagwira ntchito ku Joni. Inabwera itamangiriridwa pamwamba pa basi pamodzi ndi mabulangete, ndipo itafika kwathu ku Chikweo anthu ankabwera kudzaiona ngati khanda. Ine ntchito yanga inali yopikula matemba ndi milamba yowamba ku Chiuta n'kumakagulitsa ku Ntaja. Madzulo ndinkachotsa batire lake, chibokosi chakuda chotalika ngati mkono, n'kulitchaja pa sola amene tinali naye. Kukacha ndinkangopalasa pang'ono, njinga n'kumadzikoka yokha pachitunda, dengu la nsomba lili kumbuyo. Zinayenda choncho zaka ziwiri.

Kenako kunabwera chaka chimene mvula inadula chimanga chitangofika m'mawondo. Nyanja inaphwa, madzi n'kuthawira kutali, nsomba n'kusowa. Chilimwe chisanathe tinali titagulitsa sola uja kuti tigule chimanga. Njingayo mkazi wanga anakana kuti igulitsidwe. Popeza panalibenso potchajira, ndinachotsa batire n'kuliponya m'kachipinda kosungiramo nsomba, pansi pa madengu ndi masaka akale. Linakhala mmenemo miyezi inayi osalikumbukira. Munthu amene akudya mango aawisi owiritsa, ndi chitedze chophika tsiku lathunthu kuti chichoke ululu, saganiza za batire.

Mvula yotsatira itagwa, njala ili pachimake, kunabwera chimanga cha thandizo. Ankagawira pabwalo la sukulu ina kutali ndi mudzi wathu. Dzina langa silinalembedwe, ankati ndine wageni. Koma nkhalamba zimene zinkalandira sizinkatha kusenza thumba, ndiye zinkapempha anthu a njinga, malipiro ake mbale imodzi ya chimanga pa thumba. Ndinayesa kupita ndi njinga yanga popanda batire. Njinga yamagetsi ndi yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo miyendo yanga inali itasanduka mapesi. Pachitunda choyamba ndinagwa nalo thumba la eni ake.

"Kafukuleni chibokosi chija," anatero mkazi wanga nditafika kunyumba. "Miyendo mulibe, koma njinga ili nayo."

Ndinalipukuta ndi nsanza n'kupita nalo kwa wometa tsitsi wina pamsika, amene ali ndi magetsi. Chaja cha batirelo chili ndi kagetsi kamene kamafiira batire likamamwa moto, n'kubiriwira likakhuta. Nditalumikiza, kagetsiko kanangobiriwira pompo. Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Nditaliika pa njinga, zii.

Anthu anandiuza za mmisiri wina wa ku Balaka amene ankati palibe chamagetsi chimamukanika. Tinagulitsa abakha awiri otsala, ine n'kukwera minibasi batire lili pamiyendo. Kashopu kake kanali kuseri kwa malo okwerera basi, pakhoma atajambulapo firiji, wailesi ndi kanema. Ndinamupeza akudya tchipisi m'kajumbo, mafuta ali chuchuchu m'zala, magalasi akuda ali kumaso ngakhale anali m'nyumba. Ine ndinali ndisanalawe kanthu chichokereni kwathu. Sanandiuze n'komwe kuti karibu.

"Ili silinafe, achimwene," anatero akulisisita ndi zala zamafutazo. "Langogona. Kazungulireni kaye m'tauni, mubwere dzuwa likapendeka."

"Sindingakhale pompano n'kumaonerera?"

"Iyayi. Ntchito yamagetsi sifuna maso ambiri."

Nditabwerako ndinapeza batire litakulungidwa ndi tepi yakuda m'mbali monse. Anadina kabatani kake, timagetsi tonse tinayi n'kuyaka. Ndinamupatsa zimene ananena ndipo ndinamuthokoza kawiri, mpaka kuwomba m'manja. Chimenechi ndi chimene chimandinyansa kwambiri ndikakumbuka.

Kunyumba njinga inanyamuka bwinobwino. Inayenda kuchokera pakhomo pathu kufika pamzikiti, mtunda woti munthu akakuitana umamva, kenako inazima. Batire linali litatentha moti sindinathe kuligwira, ndipo linkanunkha ngati pulasitiki wopsa. Ndinabwerera ndikukankha. Mkazi wanga anayang'ana njinga, n'kuyang'ana khola la abakha lopanda kanthu, n'kulowa m'nyumba.

Patapita masiku, dalaivala wina wa lole, amene ndinkamugulitsa milamba kale, anandiuza za mayi wina wa ku Phalula wokonza masola ndi mafoni. Anati andinyamula ulere popeza ankadzera komweko. Ndalama ndinalibe, ndiye ndinatenga wailesi yanga kuti ikakhale malipiro.

Mayiyo anali wamfupi, wosaseka, ndipo ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba yake m'mbali mwa msewu waukulu, moyandikana ndi amayi ogulitsa tomato. Anayang'ana wailesi, n'kuiyatsa, n'kuiika pambali. Kenako anadula tepi ija ndi lezala n'kumasula zomangira ine ndikuona.

Chivundikiro chitangotseguka, fungo linatimenya tonse awiri. Linali fungo la nsomba yowola yosakanikirana ndi mkodzo wa makoswe. Mphemvu ziwiri zinatuluka n'kuthamangira pansi pa tebulo. M'katimo munali timabatire ting'onoting'ono ngati ta tochi, tosanjidwa m'mizere, ndipo pakati pake panali phala lakuda lonanda, mazira a mphemvu ndi timamba ta matemba. Mawaya ena anali atamera zobiriwira ngati ndere. Mayi wina wa tomato anasuntha beseni lake n'kukakhala patali.

"Abambo, mumalisunga kuti limeneli?"

Ndinamuuza.

"Madzi a nsomba ankadontha m'madengu n'kumalowa pa kabowo aka. Izi ndi zanu. Tsopano taonani za mnzanu wa ku Balakayo."

Analoza ndi nsonga ya sikuludiraiva. Timabatire tambiri tinali tabuluu, tofanana. Koma tina tinali tofiira ndi totuwa, takale, tosupuka, tolumikizidwa ndi waya wongopota ndi manja n'kumatidwa ndi phula la kandulo. Pamalo ena awiri panalibe batire n'komwe, anangopinda katoni n'kutsekapo kuti zisamagwedere. Anawerenga: tabwino tisanu ndi titatu tinali titachotsedwa. Ndiye panali kabolodi kobiriwira kamene, malinga ndi mayiyo, ndi mlonda wa batire: moto ukatsika kwambiri kamatseka chitseko kuti batire lisaonongeke, n'chifukwa chake chaja chinkangobiriwira. Mmisiri uja anakalumpha kabolodiko ndi waya kuti timagetsi tiyake pamaso panga.

"Mukanalitchaja chonchi m'nyumba, bwenzi pano mukugona panja," anatero. "Ndipotu munthuyu anaona nyansi zonsezi, anapisamo dzanja, n'kutenga zimene ankafuna, n'kutsekanso osapukuta."

Anandipatsa mswachi wakale ndi kabotolo ka sipiriti.

"Ine ndikonza zamagetsi. Zonunkhazi ndi za eni ake."

Ndinakhala pansi pa khonde paja n'kumakwecha. Phala lija linkalowa m'zikhadabo. M'mimba munalibe kanthu, komabe ndinadzuka kawiri kupita kuseri kwa nyumba kukasanza, n'kumangotuluka malovu owawa. Ndinkanyansidwa ndi fungolo, ndi munthu wa magalasi uja, komanso ndi ine mwini. Zaka zonsezo ndinkasamala dengu la nsomba kuposa chinthu chimene chinkalinyamula.

Ntchito inatenga masiku awiri, ndipo ndinagona kwa achibale a dalaivala uja. Mayiyo anayeza kabatire kalikonse ndi mita yake. Tiwiri tabuluu tinali titadyedwa ndi dzimbiri, anatitaya pamodzi ndi zinyalala za ku Balaka. Totsalato tinali titafooka koma tisanafe. Anatipatsa moto pang'onopang'ono, mzere umodzi pa nthawi, akumatikhudza ndi kuseri kwa chala kuti amve ngati tikutentha. Anati batire lofooka lili ngati munthu amene wakhala masiku osadya, ukamupatsa chakudya chambiri nthawi imodzi umamupha. Zimenezo chaka chimenecho aliyense ankazidziwa. Kenako anatisanjanso titatutitatu m'malo mwa tinayitinayi, n'kuwotcherera mawaya atsopano, n'kubwezeretsa mlonda uja pantchito yake. Atalumikiza chaja, kagetsi kanafiira.

"Mtunda umene munkayenda kale muiwale, lizitha msanga," anatero akumata kabowo kaja ndi guluu. "Musamaliyendetse mpaka kuzima. Kakatsala kagetsi kamodzi, tsikani muzipalasa. Likatentha, lisiyeni lizizire musanalitchaje. Osalisiya padzuwa. Ngakhale simukuyenda, mwezi usathe osalipatsako moto. Ndipo lizigona kumene mumagona inuyo, osati kumene kumagona nsomba."

Pobwerera pa lole ija ndinatsika pa Balaka. Sindikudziwa chimene ndinkafuna, mwina kungoti andiyang'ane m'maso. Ndinamupeza akugulitsa matochi otchaja kwa mayi wina. Imodzi inali yotsegula pa tebulo, ndipo m'kati mwake munali kabatire kabuluu.

"Mwandikumbuka?" ndinamufunsa.

"Anthu amabwera ambiri pano, achimwene."

"Batire la njinga. Munachotsamo tisanu ndi titatu."

"Tabuluu timapangidwa tambirimbiri kunjaku. Pa tanuto munalembapo dzina?"

Ananena zimenezi akutokosa m'mano ndi kachitsotso ka machesi. Ndinayang'ana mayi wogula uja, amene anali atagwira kale tochi m'manja, n'kumuuza kuti batire lili mmenemo ndi langa. Mayiyo anaiika pansi tochiyo n'kuchoka. Ine ndinalavula pakhomo paja n'kupita kukakweranso lole ija. Malovuwo anagwera pa nsapato yanga yomwe.

Tsiku logawa chimanga litakwananso ndinapita ndi njinga. Inakoka, ngakhale pachitunda inkafuna kuithandiza. Ndinanyamula matumba anayi tsiku limenelo. Lomaliza linali la mayi wina wokalamba amene ankalera zidzukulu zisanu. Titafika pakhomo pake anamasula thumba, n'kundipatsa mbale kuti nditape ndekha. Ndinatapa mpaka kusefukira. Iye anagwira mbaleyo m'mphepete, n'kupititsa chala pamwamba kuti chimanga chosefukiracho chibwerere m'thumba, kenako anatola njere zitatu zimene zinagwa pansi. Zidzukulu zinali zitaima pakhomo, zikuyang'ana mbale yanga.

"Pitani bwino, bambo," anatero.

Ndinathira chimangacho m'kathumba kanga n'kunyamuka osayang'ana m'mbuyo. Koma tinakagayitsa, tinadya, ndipo ulendo wotsatira ndinapitanso. Kungoti kuyambira pamenepo mbale ndinkaipereka kwa mwini thumba kuti atape yekha, ine n'kumayang'ana kumbali.

Batirelo linagwira ntchito mpaka tinakolola, n'kupitiriranso chaka china. Ndinalisokera kathumba ka lona, ndipo linkakhala pa shelefu kuchipinda. Loweruka lililonse ndinkapita nalo kwa wometa tsitsi uja. Kenako linayamba kutha ndisanafike n'komwe pakati pa ulendo wa ku Ntaja, ndipo ndinadziwa kuti lakalamba. Ndinabwerera nalo ku Phalula. Mayi uja anasankhamo timabatire tisanu ndi timodzi tamoyo n'kutipangira kabokosi kena, ndipo pano timayatsira mababu awiri, lina pabalaza, lina kukhitchini. Njinga ndimapalasa ndi miyendo.