Laputopu Padenga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anatisiya. Tinkakhala ku Highfield, m'dziko la Ashona, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo anaphikira azungu mpaka msana kupindika. Mayi anali Mshona. Ife ana Chichewa tinkangochiphwanya, ndipo kwawo kwa bambo sitinapondeko.

Matenda atakula, bambo anaitana achimwene anga a Lameki, amene anali ndi laputopu yakale yotayidwa kuntchito kwawo, yolemera ngati njerwa.

"Lemba mmenemo," anatero. "Dzina la mudzi, la mlongo wanga, ndi potsikira basi. Ndikafa, uthenga ukafike. Asamati ndinawataya."

Ine ndinali pomwepo. Koma anzanga anali kundikuwira panja, ndiye ndinazemba.

Mmawa wotsatira imfa yawo, akuluakulu a kutchalitchi anati pali munthu wokwera basi ya ku Malawi mawa lake, angofuna mayina. A Lameki, pothamangira bokosi ku Glen View, anandiuza kuti ndiyatse laputopu ndikopere papepala.

Ndinadina batani. Zii. Ngakhale kanyali kobiriwira kaja sikanaphethire. Ndinalumikiza kumagetsi, ndinasintha soketi, ndinachotsa batire n'kulipukuta ndi diresi, ndinaigwedeza n'kuika khutu. Palibe. M'chipinda chinacho amayi anali kuimba nyimbo za maliro, ine thukuta lili kamukamu.

Kenako ndinakumbukira nzeru ya bambo. Mabatire a wailesi akafooka, ankawayanika padenga, madzulo wailesi n'kulankhulanso. Ndinadziona wochenjera, ine! Ndinakwera pamgolo, n'kuiyanika laputopu yonse padenga, chitsegulire, padzuwa la Okutobala. Nditangotsika anandituma madzi, kenako nkhuni, kenako makapu a anthu opepesa. Ndinaiwaliratu. Masana kunachita mdima, mvula yoyamba inagwa yamkuntho, ndipo ndinakumbukira madzi akutsika kale m'ngalande.

Tinapita nayo ku Machipisa kwa bambo wina wokonza mawailesi ndi makompyuta. Asanaitsegule n'komwe, anayendetsa chala pachingwe chake, n'kuima pafupi ndi pulagi. Panali mano a khoswe.

"Vuto linali apa basi," anatero. "Batire linangotha moto. Mukanabwera ndi chingwechi, bwenzi pano mukuwerenga."

Atamasula zomangira, madzi anatuluka akuda. Anayesa kuumitsa, anayesa kuika kachipangizo kosunga zolembedwa m'makina ena. Kanangolira kuti kha, kha, kha, n'kukhala chete.

A Lameki anagwira mutu. Ankakumbukira mawu awiri okha: Dedza, ndi Nachisale, dzina la mfunda la mlongo wawo wa bambo. Wokonza uja, amenenso anali wa ku Malawi konko, anapukusa mutu n'kunena kuti ku Dedza a Nachisale ali m'mudzi uliwonse. Achimwene sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa chete wawo uja amandiwawabe mpaka lero.

Basi inapita yopanda uthenga, bambo tinawaika m'dothi la eni.

Lero chinthu chikakana kuyaka, ndimayamba ndayang'ana chingwe, ndipo chimene sindikuchidziwa ndimafunsa. Koma ndinazindikira mochedwa kuti mayina aja sindinawaphere padenga. Ndinawataya tsiku limene bambo ankawatchula ndi pakamwa pawo, ine n'kusankha masewera. Mwina ku Dedza kukadali mayi wina wokalamba amene amati mchimwene wake ndi mtchona wouma mtima. Sadziwa kuti anamutchula dzina katatu, kuti lilembedwe bwino.