Mbale ya anesi a pamwamba

Kwathu mbale ya mnansi siibwerera yopanda kanthu. Akakupatsa ndiwo, umatsuka mbaleyo n'kuikamo kenakake, kaya mtedza, kaya mazira awiri. Mwambowu ndinaudziwa ndili mwana, koma wousunga m'nyumba mwathu anali mkazi wanga. Ine gawo langa linali kudya.

Tinkakhala kutsidya la nyanja, ku Maryhill, m'nyumba zosanjikizana zoyang'ana ku ngalande. Pamwamba pathu pankakhala mayi ena a ku Philippines, anesi a pachipatala, aafupi, oseka mokweza moti tinkawamvera kudenga. Iwowa ndi mkazi wanga anali ndi mbale imodzi yagalasi imene inkangokwera ndi kutsika masitepe. Ikakwera ndi zitumbuwa, inkatsika ndi turon, nthochi zokulunga n'kukazinga ndi shuga. Tsiku lina inatsika ndi leche flan, chinthu cha mazira chonjenjemera ngati chikumva chisanu. Pamene inabwera ndi ube, wopangidwa ndi chilazi cha kwawo, wamtundu wapepo ngati mkanjo wa kwaya, ndinadikira kuti mkazi wanga ayambe ndiye kulawa.

Chaka china mkazi wanga anapita kumudzi miyezi itatu kukadwazika amayi ake. Sabata yoyamba yomweyo anesi anagogoda, mbale ili m'manja.

"Achimwene, mwatsala nokha, mudzauma. Idyani biko uyu."

Biko ndi mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati ndi shuga wabulauni, wogwirana moti umadulidwa ndi mpeni. Ndinati ndilawe kangodya kamodzi. Ndinamaliza mbale yonse ndili chiimire, jekete la kuntchito ndisanavule.

Nditatsuka, ndinaiika patebulo, ndipo mavuto anayambira pamenepo. Inakhala masabata atatu ikundiyang'ana. Ndikafuna kutuluka ndinkayamba ndatchera khutu pachitseko, kuopa kukumana ndi eni ake pamasitepe. Bambo wa imvi, wosamalira okalamba, mkulu wa mpingo, kuthawa mayi amene kutalika kwawo kumalekezera paphewa panga!

Ndinaimba foni kumudzi.

"Gulani mabisiketi muikemo, abambo," anatero mkazi wanga.

"Munthu waphika ndi manja ake, ine ndimupatse za m'pepala?"

"Ndiye kazingani zitumbuwa."

"Simunandiphunzitse, mayi."

"Ndikamakazinga mumakhala kuti? Si mumakhala mwaphimba nkhope ndi buku? Kafunseni bukulo."

Iye ankanyogodola, koma ine ndinaona kuti ndi nzeru. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, zotsalazo ndinatola m'mabuku, ndipo ndimawakhulupirira kuposa mmene ayenera. Ndinakabwereka ku laibulale buku la zophika za ku Philippines. Ndinaganiza zowadabwitsa anesi powabwezera biko wawo yemwe, wophikidwa ndi Mmalawi.

Ndinakwera basi kupita ku Pollokshields kukagula mkaka wa kokonati, shuga ndi masamba a nthochi. Masamba amene kwathu timadyetsa mbuzi, kuno ndinawatulutsa m'firiji ya sitolo atauma gwa. Bukulo linkanena kuti pamafunika mpunga womata. Ndinawerenga kawiri n'kumumvera chisoni mlembiyo. Mwachionekere sanamvepo za Kilombero. Munthu wokhala ndi mpunga wa ku Karonga angakagulenso wina? M'kabati munali kathumba kamene mkazi wanga anabwera nako m'sutikesi, kodikira Khirisimasi. Ndinakamasula.

Fungo linali la paukwati. Ndinatakasa ndi mthiko mpaka phewa kuwawa, ndikuimba nyimbo za m'buku la mapemphero, kenako ndinayala masamba m'mbale, n'kuthira, n'kusalaza. M'mawa mwake ndinadula ndi mpeni. Mpeni unadutsa, njira n'kutsekeka pambuyo pake. Njere iliyonse inali payokhapayokha, ikusambira. Kilombero ndi mpunga waulemu, sagwirana ndi mnzake.

Ndinakhala pansi ndi kuganiza zotaya. Koma sabata yachinayi inali itayamba, ndipo ndinali nditatopa ndi kuyenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe. Ndinavundikira mbale ndi kansalu n'kukwera.

Anesi anatsegula, navundukula, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani, achimwene?"

"Biko."

"Wadwala chiyani?"

Anaseka mpaka kutsamira chitseko, misozi mbwembwembwe. Nanenso ndinayamba, ndipo mnansi wa khomo linalo, mzungu wokalamba, anasuzumira kuti aone ngati kwagwa zovuta. Ndinaulula zonse, za buku, za Kilombero, za kubisala kuja.

"Ndiye munkandithawa chifukwa cha mbale? Ine ndimati biko wanga anakutsegulani m'mimba! Ndakhala ndikuchita manyazi kukufunsani."

Anatenga sipuni nalawa. Anatafuna pang'onopang'ono, kenako ananunkhiza sipuniyo.

"Biko ayi. Koma mpunga uwu mwautenga kuti? Mwauononga bwanji mpunga wonunkhira chonchi? Wotsala ulipo?"

Ndinatsika mothamanga, mawondo osadandaula n'komwe, n'kubwera ndi kathumba konse. Za Khirisimasi ndinati tidzaziona pa Khirisimasi. Anapungulira m'chikhato, nanunkhizanso, nati mphatso ndi imeneyi, phala lija ndidye ndekha.

Sanandilole kupita. Anandiveka epuloni ya maluwa, natulutsa mpunga wawo, woyera mbee ngati choko, wanjere zonenepa. Anayamba ndi kuwiritsa mkaka wa kokonati mpaka unasanduka mafuta ndi timibulu tofiirira tomwe amati latik, towaza pamwamba. Kenako anandipatsa chikombe.

"Takasani. Musaleke."

"Buku linati mphindi khumi."

"Buku lili ndi mkono? Mudzaleka ukayamba kukana."

Anandiuza kuti kwawo ntchito yotakasayi amapatsa amuna pa chikondwerero, chifukwa ndi yokhayo imene sangaisokoneze. Ndinati kwathunso ali ndi maganizo omwewo pa ife, kungoti sanapezebe ntchito yake. Patapita nthawi mpunga unayamba kulemera, ukunyezimira, ukumatuka m'mbali mwa poto wonse pamodzi ngati wapangana. Chikombe chinaima chokha pakati. Ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli.

Tinadyera m'khitchini momwemo ndi tiyi, wotentha, tikupsa zala, iwo akundisimbira za amayi awo amene ankaphika biko pa nkhuni m'chiwaya chachikulu. Nditatsanzika, ndinaona akutsuka mbale yagalasi ija, akuyalamo tsamba, akudula chibenthu chachikulu.

"Ayi, anesi, chonde! Ndangoibweza kumene!"

"Kwathunso siituluka yopanda kanthu," anatero, akundikankhira pakhomo. "Koma ulendo uno mukandithawa, ndidzabwera ndi jakisoni."