Chimene Amayi Anapulumutsa M'madzi

Monita ya kompyuta yathu kale inali yoyera, koma kwathu ku Kanyama choyera sichikhalitsa. Inali ndi chinkhongo chachikulu, ndipo ikatentha inkanunkha fumbi lopsa. Amalume anabwera nayo pamodzi ndi bokosi lake lachitsulo, zotayidwa ku ofesi kumene ankagwira ntchito. Bambo atamwalira abale awo anasesa m'nyumba, ngakhale foni sanaisiye. Mwayi wake amalume anali atakoperatu zithunzi za bambo m'kompyutamo. Zina tinalibe.

Dzinja limenelo ndinasanduka mwana wasukulu wa amalume. Anamasula bokosi n'kundionetsa zam'kati: fani yoziziritsa, memore yoiwala zonse magetsi akangothima, ndi kachitsulo kokula ngati sopo wochapira, hadi disiki, kosunga chilichonse. "Monita ni windo chabe," ankatero. "Vonse vili mu bokosi." Amayi analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo akabwera kumsika ankangofuna ndiwayatsire, aone bambo atavala jekete ya paukwati, kenako apukute galasi ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku lina mvula inagwa osapuma, ngalande zinasefukira, madzi onunkha zimbudzi analowa m'nyumba. Ine ndinali kusukulu, amalume kuntchito, ndipo amayi anali ndi manja awiri okha. Anasenza monita, madzi m'chiuno, mpaka kutchalitchi kumene khonde lake linali lalitali. Bokosi linatsala pansi pa tebulo pomwe linkakhala. Sindiwaimba mlandu. Nkhope ankaiona pagalasi, akanaifunanso kuti?

Amayi tinawapeza pakhondepo atanyoweratu, milomo ikunjenjemera, koma akumwetulira. "Nabachosa batate bako mu manzi," anandiuza, poganiza kuti apulumutsa bambo m'madzi.

Madzi ataphwa, amalume anatsegula bokosi kuseri kwa nyumba. Munali matope okhaokha. Hadi disiki anaiyanika padenga, anakaiyesa m'makompyuta a anzawo, koma inangolira kuti tiki-tiki, basi. Mpaka lero zimandipweteka kuti nkhope ya bambo ndimaikumbukira mwa zigamba: masharubu, mpata wa mano, kwina konse mdima.

Amayi sanade nkhawa. Anati monita ipite kwa okonza ku Kamwala, bambo aonekenso. "Nizaipeleka, ba sisi," anayankha amalume osawayang'ana. Anaikulunga m'bulangete, n'kukwera nayo minibasi ataipakata ngati khanda. Ine ndinatsala pakhomo ndikudabwa kuti munthu wodziwa zinthu choncho angaiwale bwanji kuti monita sisunga kanthu.