Maiki ya Pachitseko

Amayi anga ndi amuna anga sanakhalepo pamkeka umodzi. Si udani ayi, ndi ulemu wa chipongozi, umene anthu a msinkhu wa amayi kwathu ku Wimbe amaugwira ndi manja awiri. Bambo a ana anabwera chikamwini kuchokera ku Chisemphere, ndipo chimangireni nyumba pamudzi pathu, amayi akawaona akubwera panjira ankapatukira m'munda wa fodya, kaya kuli mame kaya matope. Mawu onse a pakati pawo ankadzera mwa ine. Ndinali mtengamawu wa anthu awiri okhala moyang'anizana makomo, ndipo nthawi zina zinkanditopetsa.

Chovuta chinali chakuti onse awiri anali m'kwaya imodzi ya kutchalitchi kwathu, amuna anga akuimbitsa, amayi akuimba alito. M'tchalitchi zinkatheka, chifukwa amayi ankaima mzere wakumbuyo, kuseri kwa azimayi amathupi. Koma mawu awo sankabisika. Anali mawu olemera, ofatsa, oti nyimbo ikafika povuta ena tonse tinkatsamira pomwepo. Ine ndinatengera mphuno yawo yokha, mawu anandimana.

Chaka china fodya atayenda bwino ku okushoni, kwaya inagwirizana zokajambula nyimbo ku Kasungu boma. Situdiyo yake inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya feteleza, makoma atamatidwa masiponji. Mwini wake, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, anaimika maiki patsogolo pa gulu lililonse la mawu, ina nkuiika pafupi ndi chitseko kuti ikhale ya woimba visekese, amene tsikulo sanabwere chifukwa kwawo kunagwa maliro. Kachipindako kanali kothina moti woimbitsa anayenera kuima mphuno ndi mphuno ndi azimayi a alito. Amayi atangoona zimenezo anabwerera chafutambuyo mpaka msana kugunda chitseko, nkutembenukira kukhoma. Ndinawakodola kuti asendere. Anandiponyera diso lija lotanthauza kuti usandichititse manyazi pagulu, ndipo nyimbo zonse anaimbira pomwepo.

Titamaliza, mwini situdiyo anatiuza kuti kwatsala ntchito ziwiri. Iye amikisa kaye, kenako atumiza kwa mnzake ku Lilongwe kuti akamasite. Tonse tinagwedeza mitu ngati tamva, pomwe panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusiyana kwake.

Nyimbo zisanatuluke, amayi anadwala pakhosi. Anawachita opaleshoni, anachira, tithokoze Mulungu, koma mawu anatsalira kuchipatala komweko. Anabwerako akunong'ona, ndipo adokotala sanatinamize kuti zidzasintha. Kuyambira pamenepo kuimba kwa amayi kunatsala malo amodzi okha padziko lapansi, m'nyimbo tinajambula zija.

Tsiku limene fulashi ya nyimbo zathu inafika tinaika sipika pabwalo la tchalitchi. Abale inu, kwaya yathu yomwe ija, ya anthu ong'aluka zidendene, inamveka ngati ya pawailesi. Azimayi anaimba nthungululu. Ine ndinatchera khutu kufunafuna amayi, nyimbo yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza, koma munalibe. Iwo anamvetsera mutu uli chopendekera, kenako anamwetulira nkunong'ona kuti, "Zakoma." Anapita kwawo kukatongola chimanga. Ine ndinalira kuseri kwa chigafa, ndipo misozi itatha kunatsala mkwiyo.

Ndinaganiza kuti wolakwa ndi wa ku Lilongwe, poti ndiye anazigwira pomaliza. Ndinapempha nambala yake nkumuimbira, ndipo ndinamulalatira ndisanamupatse n'komwe moni wokwanira. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Mayi, kwanuko mumalima fodya?" anafunsa.

"Nanga kuno tingadalirenso chiyani?"

"Ndiye mundimva. Wosankha fodya m'chigafa amakhala ndi tsamba lililonse m'manja mwake, ili aliike apa, ilo alichotse. Kumikisa n'kumeneko. Ine nyimbo imandipeza ngati belo lodinda kale. Nditha kuiwalitsa, kuipatsa mphamvu, kuti pafoni, pawailesi ndi m'minibasi imveke bwino, ndiponso kuti ina isaphokosere kuposa inzake. Koma kutulutsa munthu mmodzi m'katimo kuti ndimukweze yekha, sindingathe. Bwererani kwa amene ali ndi masamba."

Tinabwereradi ku boma atatu, amayi kutsogolo kwa galimoto, amuna anga kumbuyo kwenikweni pamatumba. Titafika, amayi anakhala pabenchi panja pa chitseko, ife awiri tinalowa.

Zimene ndinaona pakompyuta ija sindidzaziiwala. Nyimbo yathu inali itayalidwa m'mizere, mzere uliwonse maiki yake. Mwini situdiyo anadina penapake, anthu onse anakhala chete kutsala abesi okha, mpaka kumveka mmodzi akumeza malovu. Anadinanso, kunatsala masopulano, ine ndemwe ndili momwemo ndikuthamangira kutsogolo kwa anzanga monga mwa chizolowezi changa. Ndinakula ndikudziwa kuti nyimbo ikaimbidwa yapita ndi mphepo, koma apa munthu anali kuimasula nkuimanganso ndi chala chimodzi, ife oimba titakhala phee kumuonerera.

Anatsegula mzere wa alito. Munali azimayi enawo, amayi mulibe.

"Nanga uwu wapansiwu?" ndinafunsa, ndikuloza mzere wotuwa umene sanaugwire.

"Imeneyo ndi maiki ya visekese. Ndinaitseka, poti mwini wake sanabwere."

"Inali pachitseko?"

"Eya."

"Amayi anaima pomwepo."

Bambo uja anatenga mahedifoni nkuwaveka amuna anga, poti ndiwo oimbitsa, kenako anadina. Ndinaona bambo a ana akuuma pampando. Maso anatong'oka, ndipo mosazindikira anatsetsereka pampando paja nkugwada pansi. Zaka zonsezi apongozi awo ankawamvera patali, kuseri kwa mitu ya anthu, ndiye lero anali kuwaimbira m'khutu mwenimweni.

Mwini situdiyo anatsegula masipika kuti nafe timve. Anali amayi okha, kwaya ikumveka kutali ngati ili kutsidya kwa dambo. Kunamveka mpweya umene ankakoka asanayambe mzere, ndi kunjenjemera pang'ono kumene mawu awo ankachita pothera. Ulemu umene unawathawitsa pagulu ndi womwewo unawaimika okha pamaiki yawoyawo. Ndinachita mantha, mantha okoma, ngati amene amandigwira mvula yoyamba ikamabwera chapatali pamwamba pa minda.

Kenako bambo uja anabweza kwaya yonse, nkuyamba kukankha kachingwe ka pakompyuta pang'onopang'ono. Mawu a amayi anatuluka pansi pa anzawo nkukhala pamalo pake, ndipo nyimbo yonse inakhazikika monga tinkaidziwira m'tchalitchi. Anati akamaliza atumizanso ku Lilongwe kuti mnzake akadindenso belo latsopano.

"Apa pakwana, kapena ndikwezebe?" anafunsa.

Amuna anga, akadali chogwada, anatembenukira kwa ine monga mwa nthawi zonse. "Tawafunsani amayi."

Sindinafike pachitseko. Amayi anali atalowa kale, ataima m'kati, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Munthu wonong'ona sangalankhule ali patali, choncho anasendera, kudutsa ine, mpaka kufika pamene panagwada mkamwini wawo. Anawerama.

"Apongozi, musakweze kwambiri," ananong'ona. "Alito sapitirira anzake. Pomwepo pakwana."

"Ndamva, amayi," anatero amuna anga, maso ali pansi, misozi ikudontha pamalaya.

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene anthu awiriwa anapatsana osadzera mwa ine. Pobwerera amayi anakhalanso kutsogolo, amuna anga kumbuyo pamatumba, ndipo mpaka lero akakumana panjira amayi amapatukirabe m'munda. Koma nyimbo ija ikamalira pafoni masana pakhonde pathu, amayi sachoka, amangosendeza mkeka wawo pang'ono nkupitiriza kutongola.