Nyimbo Kuseri kwa Nsungwi

Amayi ophunzitsa katekisimu kwathu kuno kumapiri a Flores ndi nkhalamba inzanga, milomo ili psuu ndi mtedza wa pinangi umene amatafuna. Ana ndi akulu amawakhazika pamphasa imodzi, ndipo mawu awo ndi akuti, "Pakhomo pa Ambuye palibe wochedwa."

Chaka chatha a Kornelis Wangge, amene anabatizidwa ali khanda koma osalandirapo Ukaristia, anamaliza maphunziro onse, kenaka n'kukana kukalapa. Mkuluyu ndi gonthi, ndipo akati anong'one amamveka kutsidya kwa mtsinje. Tchalitchi chathu n'cha nsungwi.

"Mayi, mudzi wonse umve zanga? Bola ndife osalandira!"

"Achimwene, zanuzo ndani sazidziwa?" anawakuwira kukhutu akuseka. "Lowani, zakunja kuno mundisiyire."

Mkuluyo atangogwada pamaso pa bambo mfumu, amayiwo anandanditsa ana makumi atatu m'mbali mwa khoma nayambitsa nyimbo, ng'oma zili pakati. Anaibwereza kasanu ndi kawiri, mpaka ana anasasa mawu.

A Kornelis analandira pa Pasaka. Koma chimene sindiiwala n'choti tsiku lolapa lija potuluka, misozi ili m'masaya, anayang'ana anawo nati, "Mayi, mwachita bwino kuwakhalitsa chete."