Dokotala Wolanda Chikwama

Nditachoka kumudzi kwathu kum'mawa n'kukakhala kwa amalume m'tauni, ku Chifubu, ndinalowa gulu la achinyamata a kutchalitchi. Ndinawapeza akukonza sewero. Analilemba tcheyamani wathu, mnyamata wa mu ofesi, amene ankadziwa bwino lomwe kuti dokotala wa m'buku amakhala wamtali, woyera, wolankhula chizungu cha m'mphuno. Ine ndine wamfupi, wakuda bii, ndipo ankati Chinyanja changa chimanunkha utsi.

Komabe udokotala unagwera ine. Luso ayi: jekete yoyera yomwe anabwereka kubutchala inkakwana ine ndekha. Mawu anga ndinawaloweza onse, ndipo akazi a amalume anaitaniratu azimayi anzawo kuti adzaone mwana wawo ali dokotala.

Tsiku loyamba kuyeserera, mtsikana wosewera ngati wodwala anakhala patsogolo panga, chikwama chili pamiyendo. Maso onse pa ine. Mawu aja anathawa.

"Landa!" anakuwa tcheyamani. "Iwe, landa!"

Kwathu kulanda n'kutsomphola cha mwini. Ndinadabwa, koma ndinaleredwa kuti wamkulu sabwereza kachitatu. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmene amachitira madokotala a m'tauni. Ndinatsomphola chikwamacho mwaulemu, ndi manja awiri, n'kuti zikomo.

"Mayo ine, wakuba!" anakuwa mtsikanayo. Ena anagwa pamabenchi ndi phwete. Atapuma m'pamene anandiuza kuti m'Chibemba kulanda ndi kulankhula.

Tcheyamani anandizungulira, akundiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika. "Anzanga, luso lobadwa nalo ili. Taonani nkhopeyi, ikuvomereza yokha."

Tcheyamani, mlembi wamkuluyo, sanachedwe. Sewero linabadwanso lili ndi munthu watsopano: wakuba wochokera kumudzi. Jekete anaveka mnyamata wamtali, manja a jeketeyo akulekezera m'zigongono, koma poti anali woyera aliyense anaona dokotala.

"Akulu," ndinafunsa chapansipansi, "nanga mawu ndinaloweza aja?"

"Iwe wakum'mawa, usavutike n'kulankhula. Pakamwa pako pangatiwonongere sewero. Uzingolanda."

Ndinathokoza, poti panalibenso china chimene ndinkachidziwa.

Pa tsiku la sewero anthu anandiombera m'manja kuposa dokotala. Mkulu wa mpingo wina anandigwira chanza, nati sanaonepo wakuba wooneka weniweni chotere, ndipo anafunsa ngati ndinachita kuphunzira. Akazi a amalume anauza anzawo aja kuti ine ndine wachibale wapatali ndithu, wa mbali ya amuna awo.